Yohane Woyera wa Mulungu ndi Buku Lake la Ngongole

Pa 8 Malichi, tsiku limene kawirikawiri limagwa m'nyengo ya Lenti, Mpingo umakumbukira Yohane Woyera wa Mulungu, nkhoswe ya zipatala, ya odwala ndi ya anamwino. Zithunzi zake zambiri zimamuonetsa atabereka wodwala kumsana. Koma chiwalo chimene chinagwira ntchito yaikulu m'thupi la munthu ameneyu chinali mapazi. Zaka zoposa 30 anayendayenda ngati munthu wosadziwa chimene akufuna. Zaka 11 zotsiriza anayenda wopanda nsapato, kupemphetsa chakudya, zofunda ndi ndalama za anthu amene ankafera m'makhonde a mzinda wa Granada, ku Spain. Anapempha kwa amayi a pamsika, anapempha kwa mwana wa mfumu, ndipo anamwalira ali ndi ngongole.

Anabadwa m'chaka cha 1495 ku Montemor-o-Novo, tauni yaing'ono ya ku Portugal, ndipo dzina lake linali João Cidade. Ali ndi zaka 8 zokha anachoka pakhomo ndi munthu wina wapaulendo, makolo ake osadziwa, ndipo sanadzawaonenso. Anakapezeka ku Oropesa, m'dziko la Spain, kumene bambo wina, Francisco Mayoral, anamutenga n'kumulera. Anakula akuweta nkhosa mpaka mu 1523, pamene analowa usilikali m'gulu la nkhondo la Mfumu Charles V.

Usilikaliwo sunamuyanje. Ku nkhondo ya ku Fuenterrabía, kumalire a Spain ndi France, hatchi inamugwetsa pamiyala mpaka kukomoka. Atachira anamuika kuti alondere katundu wolanda kwa adani. Katunduyo anabedwa, ndipo mkulu wa asilikali analamula kuti Yohane anyongedwe pamtengo. Anapulumuka chifukwa mkulu wina anamupepesera, komabe anamupirikitsa pamsasapo. Anabwerera ku nkhosa zake, koma mu 1532 ananyamukanso ndi asilikali kupita ku Vienna kukatchinga gulu la nkhondo la ku Turkey. Pobwerera kumeneko ndi pamene anakumbukira kwawo. Anafika ku Montemor-o-Novo ali bambo wa zaka pafupifupi 40, ndipo palibe anamuzindikira kupatula nkhalamba ina ya pachibale pawo. Nkhalambayo ndiyo inamuuza kuti amayi ake anamwalira ndi chisoni patangopita masiku ochepa iye atasowa, ndipo bambo ake anakalowa chipani cha Fransisko Woyera n'kumwalirira komweko.

Sanakhalitse. Analowera kumwera, nawoloka nyanja kupita ku Ceuta, kumpoto kwa Africa, ngati wantchito wa munthu wina wolemekezeka wa ku Portugal amene mfumu inamuthamangitsa m'dziko pamodzi ndi mkazi wake ndi ana aakazi anayi. Kumeneko banja lonse linadwala ndipo ndalama zinatha. Bwana uja, misozi ili m'maso, anapempha wantchito wake kuti akalembedwe ganyu yomanga linga la mzindawo. Yohane anavomera, ndipo madzulo aliwonse ankabweretsa malipiro ake onse kwa odwalawo. Aka kanali koyamba kuti thukuta lake lidyetse anthu ogona pamphasa.

Atabwerera ku Spain anayamba malonda a mabuku ndi zithunzi za oyera, akuyenda mudzi ndi mudzi katundu ali kumsana. Mu 1538 anafika ku Granada natsegula kashopu ka mabuku pafupi ndi chipata cha mzinda chotchedwa Puerta Elvira. Abulazala a chipani chake amasimba kuti ali m'njira anakumana ndi kamwana kamene kanamuonetsa chipatso cha khangaza chokhala ndi mtanda pamwamba, n'kumuuza kuti mtanda wake udzakhala ku Granada. M'chinenero cha ku Spain khangaza ndi granada, ndipo chipatso chimenechi ndicho chizindikiro cha chipanicho mpaka lero.

Pa 20 Januwale 1539, tsiku lokumbukira Sebastiano Woyera, wansembe wodziwika pa ulaliki, Bambo Juan de Ávila, analalika m'katchalitchi kena pamwamba pa mzindawo. Yohane anatulukamo akulira mofuula, akupempha Mulungu kuti amuchitire chifundo, akudzigwetsa pansi ndi kudzizula ndevu. Anathamangira kukashopu kake, nang'amba mabuku a nkhani zachabe, a zauzimu n'kugawa ulere pamodzi ndi ndalama ndi zovala zomwe. Ana a mumzinda anayamba kumutsatira akumugenda ndi miyala ndi matope. Patapita masiku angapo anthu ena omumvera chisoni anamugwira dzanja n'kupita naye ku Hospital Real, chipatala cha mfumu, kumene ankatsekerako amisala.

Mankhwala a misala masiku amenewo anali chingwe ndi chikoti, poganiza kuti ululu umabweza nzeru za munthu. Anamuvula, anamumanga manja ndi miyendo, namukwapula. Akaona anzake akukwapulidwa ankadzudzula ogwira ntchito, kuwafunsa chifukwa chozunzira anthu osauka pomwe mafumu anasiya chuma chokwanira kuwadyetsa ndi kuwasamala, ndipo yankho linali zikoti zina. Anthu amatsutsanabe ngati Yohane anadwaladi m'mutu kapena chinali chisoni cha machimo chimene chinasefukira. Mpingo sunachitepo manyazi ndi mbali imeneyi ya moyo wake, ndipo mabanja amene amatsekera kuchipinda m'bale wodwala m'mutu alendo akabwera angachite bwino kudziwa kuti nkhoswe ya zipatala zonse inagonapo pakati pa amisala, itamangidwa. M'menemo ndimo anayamba kupempha Mulungu kuti tsiku lina adzakhale ndi nyumba yosungiramo anthu otayidwa, n'kumawasamala monga mtima wake unkafunira. Bambo Juan de Ávila anamutumizira mawu omulimbitsa mtima. Yohane anadekha, anamumasula, ndipo anayamba kusesa ndi kutaya zonyansa za odwala anzake kufikira tsiku limene anamutulutsa.

Atatuluka anauyamba ulendo wa ku Guadalupe, malo oyera a Amayi Maria m'chigawo cha Extremadura. Ameneyu si Guadalupe wa ku Mexico amene ambiri amamudziwa. Ndi wa ku Spain, amene Akhristu ankapitako kale wa ku Mexico asanamveke. Kuchokera ku Granada ndi makilomita oposa 350, mtunda woposa wa Blantyre ndi Lilongwe, ndipo njira yake imadutsa m'mapiri. Yohane anayenda wopanda nsapato, wopanda chipewa, wopanda ndalama. Sankafuna kudya za ulere, choncho anapeza njira yake. Akayandikira mudzi ankalowa m'tchire kutola mtolo wa nkhuni, n'kuusenza mpaka kunyumba yosungira odwala ndi apaulendo ngati inalipo. Ankasiya nkhunizo kuti osauka aothe moto, ndiyeno n'kupempha chakudya chongokwanira tsiku limenelo. Atafika analowa m'tchalitchi chogwada, analapa, nalandira Ukaristia.

Ku Guadalupe anapezako zoposa zimene anapitira. Amonke a chipani cha Jerome Woyera, amene ankasunga malowo, anali ndi zipatala za apaulendo, nyumba yosungira mankhwala, ndiponso ankaphunzitsa za udokotala. Anthu ambiri ankafika pamalo oyera ngati amenewa atatupa mapazi, ena ali ndi malungo, ndipo ena ankabwera dala kudzafera pafupi ndi Amayi Maria. Nyumba zolandirira alendo otere zinali ponseponse m'njira za maulendo achipembedzo ku Ulaya, ndipo ntchito yake inali kulandira munthu, kumusambitsa, kumudyetsa, ndipo ngati sachira, kukhala naye mpaka atatsirizika. N'chifukwa chake m'zinenero zambiri za ku Ulaya, liwu la chipatala ndi liwu la nyumba yosamalira odwala amene sadzachiranso onse amachokera ku liwu limodzi la Chilatini lotanthauza mlendo. Munthu amene anali atangochoka m'chipatala cha zikoti anaona ndi maso ake kuti wodwala angathe kulandiridwa ngati mlendo wolemekezeka.

Pobwerera anadzera ku Baeza kukaonana ndi Bambo Juan de Ávila, ndipo iwo anamuuza kuti abwerere ku Granada, kumene Mulungu anamuitanira. Linali lamulo lowawa, pakuti mumzinda monse ankamudziwa ngati wamisala uja wa mabuku. Anafika m'mawa, natola mtolo wa nkhuni monga mwa chizolowezi, koma atafika pachipata manyazi anamugwira. Anapereka nkhunizo kwa mayi wina wamasiye amene anamupeza pomwepo, osalowa nazo mumzinda. Usiku wonse mtima unamutsutsa. M'mawa mwake anatola mtolo waukulu kuposa wa dzulo, anausenza mpaka pabwalo lalikulu la Bib-Rambla, pakati pa anthu, nakhala pamtolopo anthu akumuseka. Kuyambira tsiku limenelo manyazi opempha anamuchoka. Ankagulitsa nkhuni masana, ndalama zake n'kugawira anthu amene ankawapeza usiku atagona m'makhonde, akunjenjemera ndi kuzizira kwa m'mapiri a Sierra Nevada.

Kugawa buledi m'khonde sikuletsa munthu kufa ndi chisanu. Ndi thandizo la Akhristu ena anachita lendi nyumba mumsewu wa Lucena, pafupi ndi msika wa nsomba. Anagula mphasa ndi mabulangete akale, nayamba kutola odwala m'misewu, amene sankatha kuyenda n'kuwabereka. Poyamba ntchito yonse inali yake: kutunga madzi, kuphika, kutsuka mbale, kuchapa, kutsuka zilonda. Ankapitanso kukaitana wansembe aliyense amene akanamupeza kuti odwala alape ndi kulandira masakramenti, pakuti ambiri mwa iwo sankayembekezeka kutulukamo amoyo.

Usiku, odwala atagona, ankatenga dengu lalikulu paphewa ndi miphika iwiri yomangirira chingwe, n'kulowa m'misewu, kaya kukugwa mvula kaya kukuzizira. Ankasankha nthawi imene mabanja atha kudya ndipo zotsala zikadali patebulo. Mfuu yake inali yachilendo. Sankapempha anthu kuti amuchitire iye chifundo, kapena kuti achitire chifundo odwala. Ankaitana abale kuti adzichitire zabwino iwo eni, chifukwa cha chikondi cha Mulungu. Kwa iye wopemphayo ndiye anali kubweretsa mwayi pakhomo, ndipo wopereka ndiye anali kupindula. Akuluakulu akale amene ananena kuti kupatsa n'kuika akanamumvetsa msanga. Anthu ankatsegula mawindo, ena n'kuponya ndalama, ena buledi, ena n'kuthira nyama ndi msuzi wotsala m'miphika ija. Akafika kunyumba ankatenthetsa chakudyacho n'kugawa. Mfuu imeneyi inakhala dzina: ku Italy abulazala ake amatchedwa Fatebenefratelli, kutanthauza kuti chitani zabwino, abale.

Makalata ake asanu ndi imodzi alipo mpaka lero, ndipo m'kalata imene analembera mnzake wa ku Málaga, Gutierre Lasso, mu Januwale 1550, anafotokoza za anthu amene anali m'nyumbamo. Onse pamodzi, odwala, othandiza ndi apaulendo, anali oposa 110. Munali opuwala, akhate, osalankhula, odwala m'mutu, ofa ziwalo, a zipere, nkhalamba zothaitha ndi ana ambiri, kuphatikizapo makanda amene anthu ankawataya pakhomo. Apaulendo ankapatsidwa moto, madzi, mchere ndi miphika yophikira. Nyumbayo inalibe munda, inalibe chuma chosiyiridwa, inalibe thumba lililonse lodalirika. Ambiri mwa anthu amenewa dokotala sakanawachiritsa. Chimene ankapeza kwa Yohane chinali pogona pofunda, munthu wowatembenuza usiku, wansembe pa nthawi yake, ndi nsalu yowakulungira akamwalira. Chisamaliro chotere sichibweza ndalama, ndipo sichitha, chifukwa mphasa ikangotsala yopanda munthu wina amakhala ali kale pakhomo.

Othandiza ake oyamba anawapeza modabwitsa. Munthu wina, Antón Martín, anabwera ku Granada kudzaonetsetsa kuti Pedro Velasco, amene anapha mchimwene wake, anyongedwe. Yohane anamugwadira pamsewu, mtanda uli m'manja, kumupempha kuti akhululuke. Antón anakhululuka, Pedro anatulutsidwa m'ndende, ndipo awiriwo anayamba kutsuka zilonda m'nyumba imodzi. Antón Martín ndi amene anadzatsegula chipatala cha abulazala ku Madrid, ndipo dera lina la mzindawo likudziwikabe ndi dzina lake. Dzina loti wa Mulungu anamupatsa ndi episkopi wa ku Tuy, amene pa nthawiyo ankatsogolera bwalo lalikulu la milandu ku Granada. Episkopiyo ndi amenenso anamuveka mkanjo wa nsalu yokhakhala, chifukwa Yohane ankakonda kusinthana zovala ndi wopemphapempha aliyense, mwakuti ankafika kunyumba za anthu olemera atavala nsanza zoti sakanamukhazika patebulo.

Mu 1547 anasamukira kunyumba yokulirapo pa chitunda cha Gomérez, njira yokwera ku Alhambra. Odwala anachuluka, ngongole nazo zinachuluka. Granada yokha sinakwanitsenso, ndipo Yohane anayamba kuyenda m'matauni a chigawo cha Andalusia, kugogoda pazitseko za anthu achuma. Mmodzi mwa omuthandiza kwambiri anali mkazi wa mfumu ya dera la Sessa. Tsiku lina mayiyu anavula mphete n'kumupatsa, ndipo Yohane anamulembera kalata yomuuza kumene mpheteyo inapita: inaveka anthu awiri a zilonda n'kugula bulangete limodzi. Ankapereka malipoti otere, koma ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwake. Ku Córdoba anapeza banja lina limene bambo ndi mayi anali chigonere zaka 10, ana awo aakazi awiri alibe chovala, ndipo zimene anatolera za ku Granada zinayamba kuthera pomwepo.

Mu 1548, ngongole zitafika pakhosi, anaganiza zopita ku Valladolid, kumene kunali likulu la mfumu ndi nduna zake. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ngati kuyenda pansi kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe n'kubwereranso. Anali ndi zaka 53, thupi litatha kale ndi kusala kudya ndi kubereka odwala. Anasiya nyumba m'manja mwa Antón Martín, natenga ndodo ndi dengu. Ku Valladolid anthu ena olemekezeka amene ankamudziwa anamulowetsa kwa Philip, mwana wa Charles V, amene pambuyo pake anadzakhala Mfumu Philip II. Philip anamumvetsera namupatsa thandizo, alongo ake nawonso anapereka, ndipo amayi olemera a kumeneko anavula zokongoletsera zawo. Mayi wina wamasiye wachuma, María de Mendoza, anamusunga m'nyumba mwake.

Koma ku Valladolid nakonso kunali osauka. Yohane akatuluka m'nyumba ya mfumu ndi ndalama, ankakumana ndi wodwala pakona, mayi wamasiye pakhomo la tchalitchi, ndipo pofika madzulo dengu linali lopanda kanthu. Posakhalitsa anali ndi mabanja ambiri owadyetsa, ngati kuti ali ku Granada. Anthu atamukumbutsa kuti anabwera kudzapempha za odwala ake ndi ngongole zake, anayankha kuti kupereka kuno kapena ku Granada n'chimodzimodzi, popeza Mulungu ali ponseponse.

Yankho limeneli ndi lokoma kulimva pa ulaliki, koma msungichuma wa parishi iliyonse akanagwira mutu. Ndipo akanakhala ndi mfundo. Amene anakongoza Yohane sanali mafumu okhaokha. Ena anali ophika buledi, ogulitsa nkhuni, osoka nsapato, anthu okhala ndi ana awoawo, ndipo ankadikira kuti munthuyu abwera ndi ndalama. Oyera nawo amakhala ndi mbali imene imalemetsa anzawo, ndipo ya Yohane inali iyi: sankatha kudutsa munthu wovutika amene ali pamaso pake chifukwa cha wina amene ali kutali. Abwenzi ake sanalimbane naye kapena kuyesa kumusintha. Anangosiya kumupatsa ndalama m'manja. M'malo mwake anamulembera mapepala olonjeza ndalama zimene akanatha kuzilandira ku Granada kokha. Ntchito ya Yohane inapulumuka chifukwa cha mtima wake, komanso chifukwa cha anthu ochenjera amene ankadziwa kuwerengera.

Patapita miyezi ingapo anabwerera, pansi ngati mmene anapitira. Anafika mapazi atang'ambika ming'alu ndi miyala, khungu la kumaso ndi la m'khosi litasupuka ndi dzuwa chifukwa sankavala chipewa, thupi litakhulika ndi mkanjo wokhakhala uja. Odwala ndi osauka a mumzinda anamulandira ndi chimwemwe chachikulu. Anasintha mapepala aja, nalipira ngongole zina, nathandiza amayi amene anawachotsa m'nyumba za uhule kuti akhazikike pabanja. Ndalamazo zinatha ngongole zisanathe. M'kalata ija ya mu Januwale 1550 analemba kuti anali ndi ngongole ya ndalama zagolide zotchedwa ducat zoposa 200, za malaya, nsapato, nsalu zoyala, mabulangete ndi zolerera ana otayidwa, ndipo masiku ena ankaopa kutuluka m'nyumba chifukwa cha eni ngongole.

Pa 3 Julaye 1549 moto unabuka ku Hospital Real, chipatala chimene anakwapulidwiramo zaka 10 m'mbuyomo. Anthu ataima panja kuonerera, Yohane, amene ankadziwa makomo onse a nyumbayo, analowa n'kuyamba kutulutsa odwala, ena kumsana ena m'manja, kenako n'kumaponya mabedi ndi zofunda pawindo. Anatuluka atangopsa nsidze zokha. Miyezi ingapo pambuyo pake, m'nyengo yozizira, mtsinje wa Genil unasefukira n'kukokolola mitengo yambiri. Kwa munthu wogula nkhuni tsiku ndi tsiku pa ngongole, imeneyi inali mphatso, ndipo anadzuka pamene anagona akudwala kupita kukavuula mitengoyo. Mnyamata wina amene ankathandiza anatengedwa ndi madzi. Yohane anadziponya mumtsinje koma sanathe kumupulumutsa. Anabwerera kunyumba atanyowa, akunjenjemera, ndipo sanapezenso bwino.

Ali chigonere, anthu ena anakamuneneza kwa Ambuye Pedro Guerrero, arkiepiskopi wa Granada, kuti akusunga anthu aulesi ndi akazi a mbiri yoipa amene akudya za osauka. Ambuyewo, osadziwa kuti akudwala, anamuitanitsa namuuza kuti awachotse. Yohane anagwada nayankha kuti m'nyumbamo woipa ndi wosayenera kudya buledi wa osauka anali iye yekha, ndipo popeza Mulungu amawalitsira dzuwa lake abwino ndi oipa omwe, panalibe chifukwa chothamangitsira anthu ovutika m'nyumba mwawo. Ambuyewo anamudalitsa namuuza kuti apitirize monga ankachitira.

Ataona kuti mphamvu zikutha, anachita chinthu chimene sichijambulidwa pazithunzi za oyera. Anatenga buku losalembamo kanthu, cholembera ndi munthu wodziwa kulemba, nayenda khomo ndi khomo kwa onse amene anamukongoza. Aliyense ankanena ndalama zake ndi chimene Yohane anagula, ndipo zinkalembedwa. Ena anali ataiwala kale, koma iye anawakumbutsa. Atamaliza anakopera zonse m'buku lachiwiri. Lina analisiya kuchipatala, lina analiika pachifuwa pake, m'kati mwa mkanjo. Umenewu ndiwo unali ulendo wake wotsiriza m'misewu ya Granada.

Mayi wina wolemekezeka, Ana Osorio, mkazi wa García de Pisa, anabwera kudzamuzonda namupeza atagona pamatabwa, dengu lopemphera lija atalitsamira ngati pilo, odwala atamuzungulira osamupatsa mpata wopuma. Anamupempha kuti akamusamalire kunyumba kwake, koma Yohane anakana, pofuna kufera pakati pa anthu ake. Mayiyo anakatenga kalata kwa arkiepiskopi yomulamula kuti amvere. Anamunyamula pampando, odwala amene ankatha kuimirira atatchinga pakhomo akulira. Munthu amene anasamalira mazana a anthu pa imfa yawo anayenera tsopano kulola kuti ena amuyalire, amuveke malaya oyera ndi kumumwetsa.

Ambuye Guerrero anabwera kudzamuona namufunsa ngati panali chimene chinkamuvutitsa mumtima. Yohane anatchula zinthu zitatu: kuti anatumikira Mulungu pang'ono pomwe analandira zambiri, kuti akusiya odwala ndi osauka ake, ndiponso ngongole. Apo anapisa dzanja pachifuwa natulutsa buku lija. Ambuyewo anamuuza kuti pa choyambacho adalire chifundo cha Mulungu, osaukawo awatenga iwo, ndipo ngongolezo zikhala zawo. Analandira bukulo, ndipo anachitadi zimene analonjeza. Usiku wa pa 8 Malichi 1550 Yohane anapempha kuti amusiye yekha. Anadzuka pabedi, nagwada pansi atagwira mtanda, ndipo anamupeza atamwalira chogwada. Anali ndi zaka 55. Pa maliro ake mabelu a matchalitchi onse analira, ndipo patsogolo pa mdipiti wa anthu panali osauka a m'nyumba yake, akuluakulu a mzinda ndi arkiepiskopi akubwera pambuyo.

Yohane sanalembe malamulo a chipani chilichonse. Anasiya anthu ochepa ndi nyumba yodzaza odwala. Papa Pius V anavomereza gulu la otsatira ake mu 1572. Mbiri ya moyo wake inalembedwa ndi Francisco de Castro, wansembe wa pachipatala cha ku Granada, ndipo inasindikizidwa mu 1585, anthu amene anamuona akadali moyo. Papa Alexander VIII anamulengeza kukhala woyera mu 1690. Mu 1886 Papa Leo XIII anamuika pamodzi ndi Camillus de Lellis Woyera kukhala nkhoswe za zipatala ndi odwala, ndipo mu 1930 Papa Pius XI anawonjezera anamwino. Abulazala a chipani chake ochokera ku Ireland anafika ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo ntchito imene anasankha kuno ku Malawi ndi yosamalira odwala matenda a m'mutu, anthu onga amene Yohane anamangidwa nawo pamodzi.

Ku Spain, kwa zaka zambiri anthu wamba sankawatchula abulazalawa ndi dzina la chipani chawo. Ankangoti abale a dengu, chifukwa ankawaona akuyenda nalo m'misewu monga ankachitira woyambitsa wawo. Nyumba ya banja la Pisa ikadalipo ku Granada, ndipo alendo amalowa m'chipinda chimene anamwaliriramo. Dengu lake ndi ndodo yake yoyendera akuzisungabe mumzinda womwewo.